Mankhwala opha mavairasi osasiya zotsalira: oyenera ndi ati pamene pali wodwala mphumu?

Funso: Ndili ndi sukulu ya mkaka ya ana pafupifupi 30. Chiyambire nthawi ya Covid-19 timapopera matebulo, zidole ndi pansi mankhwala onunkhira a m'sitolo m'mawa ndi madzulo, ndipo m'zimbudzi timathira jiki. Mmodzi mwa aphunzitsi athu ali ndi mphumu, amabanika tikangopopera, ndipo mwana wina amatuluka ziwengo m'mikono akatsamira patebulo. Kusiya sitingasiye, chifukwa chimfine ndi kutsegula m'mimba zimafala msanga pakati pa ana. Kodi alipo mankhwala opha mavairasi amene akauma sasiya kanthu, oti anthu awiriwa asamavutike nawo?

Yankho: Alipo, mayi. Spiriti wa 70 peresenti amauma n'kutheratu, hydrogen peroxide amasanduka madzi ndi mpweya wa okosijeni, madzi owira sasiya kanthu, ndipo ngakhale jiki weniweniyo amachoka mukamutsukuluza bwino. Koma m'funso lanu muli mavuto awiri osiyana, ndipo kusintha mankhwala kokha kuthetsa limodzi. Mwana wa ziwengo akuvutika ndi zimene zimatsalira patebulo. Aphunzitsiwo akuvutika ndi zimene zimauluka mumpweya pa nthawi yopopera. Mutathira peroxide m'botolo lomwelo n'kumapoperabe ngati kale, mwanayo akhoza kupeza bwino koma aphunzitsi azibanikabe.

Za kupoperazi pali umboni. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2007, amene anatsatira anthu 3,503 a m'maiko khumi a ku Ulaya, anapeza kuti oyeretsa m'nyumba ndi mankhwala opopera kamodzi pa sabata kapena kuposa apo ankayamba zizindikiro za mphumu kaŵirikaŵiri kuposa anzawo, pafupifupi ndi theka. Mankhwala amadzi osapopera sanaonetse vutoli. Kafukufuku wina wa mu 2019, wa anamwino 73,262 a ku America, anapeza kuti ogwiritsa ntchito mankhwala opha tizilombo sabata ndi sabata anali pa chiopsezo chokulirapo ndi 25 mpaka 38 peresenti chodwala matenda okhalitsa a m'mapapo otchedwa COPD. Pa mndandanda wa mankhwalawo panali jiki, komanso spiriti ndi hydrogen peroxide, omwe aja osasiya zotsalira. Nalonso bungwe la WHO linanena mu Meyi 2020 kuti kupopera kapena kufukiza mankhwala m'zipinda si njira yoyenera yolimbana ndi Covid-19, ndipo linalangiza zopukuta ndi nsalu yonyowetsedwa m'mankhwala. Choncho choyamba kuchotsa pasukulu panu ndi kamutu kopopera kaja. Thirani mankhwala pakansalu, pukutani.

Chimene chikutsalira patebulo lanu

Tembenuzani botolo limene mukugwiritsa ntchito muwerenge timalemba tating'ono takumbuyo. Mukapeza mawu akuti benzalkonium chloride, didecyldimethylammonium chloride, kapena dzina lina lalitali lothera ndi "ammonium chloride", ndiye kuti muli ndi mankhwala a gulu limene akatswiri amalitchula mwachidule kuti quats. Awa sauluka. Madzi akauma iwo amatsala pomwepo, ndipo opanga amachita kunyadira zimenezi polemba kuti mankhwalawo amateteza kwa maola ambiri. Mukapukuta kawiri pa tsiku osatsukuluza, lero amasanjikizana pa a dzulo, mpaka tebulo limayamba kumata pang'ono mukaligwira. Mkono wa mwana wothukuta umawasungunula, amalowa pakhungu, ndipo chidole chimene chapoperedwa chimathera m'kamwa. Ma quats amadziwika kuti amayabwitsa khungu ndiponso amayambitsa mphumu kwa ena ogwira ntchito yoyeretsa m'zipatala.

Pambali pa amenewa pali zonunkhiritsa za mandimu, paini ndi maluwa, zomwe sizipha kachilombo kalikonse koma ndizo zimayamba kufika pamphuno pa wodwala mphumu. Palinso mankhwala oletsa kuwonongeka otchedwa methylisothiazolinone, opezeka m'sopo wina wamadzi ndi m'timapepala tonyowa topukutira, omwe ndi odziwika kwambiri pa nkhani ya ziwengo. Dettol wa bulauni uja ali ndi chloroxylenol ndi mafuta a paini, Savlon ali ndi chlorhexidine ndi cetrimide. Onsewa ali ndi ntchito yake, koma amatsalira, amanunkha, ndipo pa mavairasi ouma mutu amene tikambe pansipa mphamvu zawo n'zochepa.

Mavairasi si amodzi

Kusankha mankhwala kumayambira pa kudziwa mdani. Mavairasi ena amavala chikuto cha mafuta: a chimfine chachikulu chotchedwa fuluwenza, Covid-19, chikuku, katsabola, mpox, hepatitis B ndi HIV. Chikuto chimenechi ndi pofooka pawo. Sopo amachisungunula monga mmene amachotsera mafuta a ndiwo pambale, ndipo chikangong'ambika kachilomboko sikangathenso kulowa m'thupi. Spiriti, peroxide ndi klorini (yemwe ali mu jiki) wochepa mphamvu amatha mavairasi amenewa mosavuta.

Ena alibe chikuto cha mafuta, ali ndi chigoba cholimba: norovirus ndi rotavirus amene amatsegulitsa m'mimba ndi kusanzitsa ana, hepatitis A wa chikasu, poliyo, ndi rhinovirus wa chimfine wamba. Awa amakhala masiku patebulo, norovirus mpaka masabata, ndipo spiriti ndi ma quats sawatha bwinobwino. Katemera wa rotavirus, amene Malawi anayamba kupereka mu 2012, wachepetsa vutoli, koma norovirus alibe katemera. Poti mwana akatsegula m'mimba simungadziwe kuti ndi kachilombo kati, tsiku limenelo mumatenga mankhwala amene amatha onse, ndipo amenewo ndi klorini.

Dziwaninso kuti chimfine ndi Covid-19 zimayenda kwambiri mumpweya osati patebulo. Mu Epulo 2021 bungwe la zaumoyo la ku America la CDC linayerekeza kuti mwayi wotenga Covid-19 pogwira malo amene pali kachilomboko ndi wochepera pa umodzi mwa 10,000, ndipo linati pamene palibe wodwala, kutsuka ndi sopo kamodzi pa tsiku n'kokwanira. Mawindo otsegula mbali ziwiri za kalasi amachita zambiri pa chimfine kuposa botolo lililonse, ndipo aphunzitsi anu amapindula nawo kawiri.

Sopo kaye

Palibe mankhwala amene amagwira ntchito pamwamba pa phala louma, mamina kapena fumbi. Litsiro limabisa tizilombo, ndipo limadya mphamvu ya klorini ndi peroxide asanafike pa tizilomboto. Ndiye pamene pakufunika kupha tizilombo, ntchito ili pawiri nthawi zonse: kutsuka, kenako kupha. Tengani ndowa ziwiri, ina ya madzi a sopo wopanda fungo, ina ya madzi oyera. Sopo wotsukira mbale supuni yaing'ono imodzi pa malita asanu akwana. Wochuluka ndiye amasiya utoto woterera womwe mukuthawawo. Pukutani ndi wa sopo, tsukuluzani ndi kansalu kena, siyani paume. Masiku ambiri, pa matebulo ambiri, ntchito yathera pomwepa.

Sabata yoyamba tsukani matebulo ndi zidole zapulasitiki kawiri kapena katatu ndi madzi ofunda a sopo kuti muchotse ma quats amene anaunjikana kale. Mukapanda kutero mudzaganiza kuti mankhwala atsopanowo ndiwo akuyabwitsa mwana.

Tinsalu tikhale tambiri. Kansalu kamodzi koyenda kuchokera kuchimbudzi kukafika patebulo lodyera ndi galimoto ya tizilombo, ngakhale katanyowa mankhwala. Pindani kansalu kanayi, mbali iliyonse ipukute malo amodzi, mukamaliza kaponyeni m'ndowa ya zochapa. Ta kuchimbudzi tikhale ta mtundu wake.

Spiriti

Wofunika ndi ethanol kapena isopropyl alcohol wa 70 peresenti. Wa 96 kapena 99 peresenti amaoneka ngati wamphamvu koposa, koma amauluka asanagwire ntchito, ndipo spiriti amafuna madzi pang'ono kuti aswe mapuloteni a kachilombo. Ngati mwapeza ethanol wa 96 peresenti, yezani mamililita 730, onjezerani madzi owiritsa ozizira mpaka lita imodzi. Ngati ndi isopropyl wa 99 peresenti, mamililita 700 ndi madzi mamililita 300. Wochepera 60 peresenti musamudalire. N'chifukwa chake mowa wa m'botolo wa 40 peresenti sugwira ntchitoyi, ndipo kachasu, yemwe mphamvu yake imasiyana botolo ndi botolo, si woyenera kumuyesa n'komwe.

Spiriti wapepo woyatsira mbaula muli methanol ndi utoto. Methanol ndi poizoni, amachititsa kusaona ndi kupha munthu akamumwa, ndipo utotowo ndi chotsalira. Asafike pafupi ndi ana. Sanitaiza wa m'manja nayenso si wopukutira matebulo, chifukwa amaikamo glycerine wofewetsa khungu, nthawi zambiri ndi zonunkhiritsa, ndipo zonsezi zimatsala spiriti akauluka.

Pamene anthu amalakwitsa ndi pa nthawi. Malo ayenera kukhala onyowa mphindi imodzi yathunthu. M'mwezi wa Okutobala chogwirira chitseko chachitsulo chimauma mphindiyo isanafike ndi theka lomwe, choncho pukutani kawiri motsatizana. Spiriti ndi wa tinthu tating'ono: zogwirira zitseko, maswichi, mipope, choyezera kutentha kwa thupi, foni. Kampani ya Apple, mwachitsanzo, imalola kupukuta mafoni ake ndi isopropyl wa 70 peresenti koma imaletsa jiki ndi peroxide. Musakolope naye pansi. Malo aakulu amatulutsa nthunzi yambiri yolasa pakhosi, ndipo nthunziyo imayaka ikakumana ndi mbaula, kandulo kapena ndudu. Amawononganso vanishi wa matabwa ndi kuumitsa labala.

Hydrogen peroxide

Pa matebulo ndi mipando yapulasitiki, uyu ndiye amayankha funso lanu mokwanira kuposa onse. Alibe fungo lenileni, sayaka, ndipo akamaliza ntchito amasanduka madzi ndi okosijeni. M'masitolo a mankhwala amabwera m'botolo la bulauni kapena losaonekera m'kati. Fufuzani wa 3 peresenti. Mabotolo ena amalemba mphamvu yake m'njira ina: "10 volume" ndiye 3 peresenti, "20 volume" ndi 6 peresenti, "30 volume" ndi 9 peresenti, "40 volume" ndi 12 peresenti. Wa 6 peresenti msakanizeni ndi madzi oyera muyezo wofanana, kapu imodzi pa kapu imodzi, mupeza 3 peresenti. Wa ku saluni wosinthira mtundu wa tsitsi, woyera ngati mkaka uja, muli zinthu zina zolimbitsa, si ameneyo. Wa 30 kapena 35 peresenti amawotcha khungu ndi kuwononga maso, pasukulu asapezeke.

WHO inaika peroxide wopitirira 0.5 peresenti pa mndandanda wa mankhwala othana ndi kachilombo ka Covid-19, choncho wa 3 peresenti ali ndi mphamvu yokwanira bwino. Koma ndi wochedwa. Pa rhinovirus, CDC imatchula mphindi 6 mpaka 8 kwa wa 3 peresenti. Langizo lathu ndi lakuti tebulo likhale lonyowa mphindi khumi. Thirani pang'ono patebulo lotsuka kale, mwazani ndi kansalu kuti paliponse panyezimire, chokanipo, mukabwerera likhala litauma. Ngati likuuma msanga, onjezerani. Tebulo lodyera mukhoza kulipukutanso ndi madzi oyera, chifukwa opanga amaikamo timankhwala tochepa kwambiri tomuthandiza kukhalitsa m'botolo, ndipo kwa mwana wa khungu lovuta kupukuta kumeneko sikutayitsa kanthu.

Vuto lake lalikulu ndi kusukuluka mwakachetechete. Kuwala, kutentha ndi litsiro zimamusandutsa madzi, koma maonekedwe sasintha. Musamuthire m'botolo loonekera m'kati, musamuike pawindo, musaviike kansalu m'botolo, ndipo wotsala m'mbale musamubwezeremo. Botolo lotsegula mulimalize m'miyezi yochepa. Kuyesa kwake n'kosavuta: dulani mbatata ya kachewere yaiwisi, dontheza­nipo pang'ono. Pakatuluka thovu loyera msangamsanga, akadali ndi moyo, pakangonyowa, tayani. Kuyesaku sikukuuzani kuti ndi 3 peresenti ndendende, kumangokuthandizani kuzindikira wakufa. Amasukulutsanso nsalu zamitundu ndipo amadetsa mkuwa. Zala zikayera ndi kuyabwa mutamugwira, tsukani ndi madzi, zimatha zokha, koma ndi chizindikiro chakuti mufunika magolovesi.

Hypochlorous acid ndi makina ake

Masiku ano pakugulitsidwa kwambiri madzi otchedwa hypochlorous acid kapena HOCl, ndipo otsatsa amakonda kunena kuti ndi mankhwala omwewo amene asilikali a m'magazi athu amapanga popha tizilombo. Zimenezo n'zoona. Ndi klorini yemweyo, koma ali m'madzi opanda ukali wa soda umene uli mu jiki, choncho amapha tizilombo pa muyezo wochepa, kaŵirikaŵiri 200 ppm (magawo 200 pa magawo miliyoni imodzi a madzi), salusa pakhungu, ndipo akauma amasiya kamchere kochepa kosaoneka. Akakhala watsopano ndi wabwino.

Chovuta n'chakuti sakhalitsa. Dzuwa, kutentha ndi botolo losatseka bwino zimamufooketsa, ndipo botolo limene lakhala miyezi pashelefu yotentha likhoza kukhala madzi amchere chabe. Litsiro lochepa limamumaliza nthawi yomweyo. Ngati mwasankha ameneyu, gulani wolembedwa ppm ndi tsiku lopangidwa, ndipo mukhale ndi timapepala toyezera klorini tofika 200 ppm kapena kuposa. Timakina ta m'nyumba tothira madzi ndi mchere n'kulumikiza kumagetsi nthawi zambiri timangopanga jiki wofooka, pokhapokha asidi wa madziwo atayezedwa bwino. Ndipo musayese kumupanga pothira viniga mu jiki. Chimene chimatuluka pamenepo ndi mpweya wa klorini.

Tsiku la masanzi ndi kutsegula m'mimba

Apa, mwa mankhwala wamba, jiki sangalowedwe m'malo, ndipo ndi bwino kunena mosabisa: pa norovirus, peroxide wamba wa 3 peresenti ndi spiriti si odalirika. Chimene tingachite ndi kumugwiritsa ntchito pa muyezo woyenera, aphunzitsi a mphumu ali panja, kenako n'kumutsukuluza. Anthu ambiri amene amati jiki amawabanikitsa amakhala atamuthira wosasungunula, m'chimbudzi chotseka, kapena m'madzi otentha.

JIK wamba ali ndi sodium hypochlorite 3.5 peresenti; onani pabotolo, ndipo sankhani wopanda zonunkhiritsa komanso wosalimba ngati phala. Pa matebulo, mipope ndi zogwirira zitseko pamene m'kalasi muli matenda otsegula m'mimba, mufunika 0.1 peresenti: muyezo umodzi wa jiki pa miyezo 34 ya madzi, kapena kuti mamililita 30 pa lita imodzi, mamililita 150 pa malita asanu. Pamalo penipeni pamene pagwera masanzi, chimbudzi kapena magazi mufunika 0.5 peresenti: kapu imodzi ya jiki pa makapu 6 a madzi. Sirinji yopanda singano ndi choyezera chabwino kuposa chivindikiro. Ngati alangizi a zaumoyo akupatsani klorini wosungunula kale wa 1 peresenti, yemwe amagawa nthawi ya kolera, muyezo umodzi pa miyezo 9 ya madzi ukupatsani 0.1 peresenti. Klorini waufa wa HTH wa 65 mpaka 70 peresenti, magalamu 15 pa malita khumi amapereka 0.1 peresenti, koma amasiya zoyera ngati laimu. Msiyeni akhazikike, tsanulani madzi apamwamba okha.

Madzi akhale ozizira. Thirani jiki m'madzi, osati madzi mu jiki, ndipo sungunulirani panja. Pangani watsopano tsiku lililonse, chifukwa wosungunula amasukuluka msanga. Nalonso botolo lenilenilo limafooka likakhala miyezi pamalo otentha.

Mwana akasanza, tulutsani ana onse ndi aphunzitsi a mphumu, tsegulani mawindo, valani magolovesi ndi chotchinga pakamwa. Phimbani masanziwo ndi nyuzipepala kapena sanza yoti mutaya, olani mosamala, katayeni m'chimbudzi chokumba kapena mangani m'jumbo. Musasese ndi tsache, limamwaza tizilombo. Tsukani malowo ndi sopo, tsukuluzani, kenako nyowetsani ndi klorini wa 0.5 peresenti pamalopo, ndi wa 0.1 peresenti mamita awiri kapena atatu mozungulira, poti timadontho timafika patali. Dikirani mphindi khumi. Tsukuluzani kawiri ndi madzi oyera, siyani paume. Pakauma ndipo fungo latha, palibe klorini wotsala woti n'kuvulaza khungu la mwana, ndipo aphunzitsi akhoza kulowa. Zitsulo muzitsukuluze ndithu, apo ayi zichita dzimbiri.

Mapoti a ana ndi m'zimbudzi yambani mwatsuka ndi madzi musanathire jiki. Mkodzo uli ndi zinthu zimene zikakumana ndi klorini zimatulutsa mpweya wa chloramine, wolasa m'maso ndi pachifuwa, ndipo ngati aphunzitsi anu amabanikanso kuchimbudzi, mwina n'chifukwa cha mpweya umenewu. Jiki asakumanenso ndi mankhwala otsukira chimbudzi okhala ndi asidi, viniga, madzi a mandimu, spiriti, kapena chilichonse chokhala ndi ammonia. Peroxide ndi viniga akasakanikirana amapanga peracetic acid, yemwe amalusa kwambiri m'mapapo. Mankhwala aliwonse akhale ndi ndowa ndi kansalu kake.

Moto ndi madzi

Pa makapu, masupuni, zidole zolimba zimene ana amaluma ndi tinsalu topukutira, kuwiritsa kumaposa mankhwala onse ndipo sikusiya kanthu. Madzi akabwata, dikirani mphindi zisanu zinthuzo zitamira. Kachilombo ka hepatitis A kamafa pa 85°C m'mphindi imodzi, koma norovirus amapirira mpaka 60°C, choncho madzi ofunda ongotenthetsa manja si kuwiritsa. Pulasitiki yopyapyala imapindika. Imeneyo itsukeni ndi sopo, iviikeni mu klorini wa 0.1 peresenti mphindi zisanu, itsukuluzeni kawiri. Zidole zansalu, zofunda ndi zoyala za ana ogona masana muzichape ndi sopo wopanda fungo, tsukuluzani kawiri, yanikani padzuwa mpaka ziume gwa, kenako sitani. Mankhwala ofewetsa zovala asiyeni: ambiri ndi ma quats osakaniza ndi zonunkhiritsa, ndipo anapangidwa kuti azitsalira munsalu. Zofunda za mwana wa zilonda zokayikitsa, monga za mpox imene inapezeka ku Malawi mu 2025, musazikutumule. Zipindeni pang'onopang'ono mutavala magolovesi, zichapidwe pazokha.

Ngati madzi anu ndi a pamjigo, mukhoza kuona timizere toyera patebulo likauma. Ameneyo ndi mchere wa m'madzimo, si mankhwala. Kupukuta ndi kansalu kouma koyera kumachotsa.

Za makina otulutsa mpweya wa ozoni ndi nyali za kuwala kopha tizilombo kotchedwa UV kapena UVC tinene mwachidule. Ozoni sasiya kanthu patebulo, koma amalusa m'mapapo ndipo amadzutsa mphumu, ndiye kwa inu ndi woipa kuposa chimene mukuthawa. Nyali za UVC zimawotcha maso ndi khungu, sizifika pamthunzi, ndipo zina zimatulutsa ozoni womwewo. M'malo a ana sizoyenera. Viniga, soda, mandimu ndi mafuta a bulugama amathandiza kutsuka kapena kununkhiritsa, koma musawawerengere ngati opha mavairasi, ndipo mafuta onunkhirawo amabanikitsa chimodzimodzi ngakhale achokere kumtengo.

Manja

Mavairasi otsegulitsa m'mimba amayenda kwambiri ndi manja, ndipo sanitaiza sawatha bwino. Sopo ndi madzi oyenderera, kupaka masekondi 20, ndiye njira. Ngati mudakali ndi ndowa ya madzi a klorini wa 0.05 peresenti pakhomo, mwana wa ziwengoyo asasambe m'menemo. Klorini wa tsiku ndi tsiku amaumitsa khungu lake n'kuling'amba. Asambe ndi sopo wopanda fungo, aumitse mosakhula, apake Vaseline woyera wopanda zonunkhiritsa. Magolovesi a woyeretsa akhale a nitrile, chifukwa a latex, makamaka okhala ndi ufa m'kati, nawonso amayambitsa ziwengo ndi kubanika kwa ena.

Mmene tsiku lingayendere

M'mawa musathire mankhwala alionse. Tsegulani mawindo basi. Matebulo odyera, sopo ndi madzi ana asanadye ndiponso akatha kudya. Ana ndi aphunzitsi a mphumu akaweruka, woyeretsa atsuke matebulo ndi mipando n'kupaka peroxide, apukute zogwirira zitseko ndi mipope ndi spiriti, akolope pansi ndi madzi a sopo okha, atsuke zimbudzi ndi madzi kenako klorini wa 0.1 peresenti n'kutsukuluza. Mawindo akhale otsegula theka la ola ntchito itatha. Aphunzitsiwo asapatsidwe ntchito yosungunula kapena kupaka mankhwala, ngakhale tsiku limene woyeretsa sanabwere. Pamene mukuchotsa zopopera, yang'ananinso zina zimene zili m'chipindamo: zonunkhiritsa mpweya, kobra wa pansi, mankhwala opopera udzudzu, utsi wa mbaula ya phala, fumbi la choko ndi nkhungu yakuda pakhoma. Kaŵirikaŵiri chimodzi mwa izi chimagawana mlandu ndi botolo limene aliyense akuliloza chala.

Mukamagula mankhwala okonzakonza, musatengeke ndi mawu akuti "amapha 99.9 peresenti ya majeremusi", chifukwa nthawi zambiri amanena za mabakiteriya. Fufuzani dzina la chopha tizilombo ndi kuchuluka kwake, mphindi zimene malo ayenera kukhala onyowa, ndi chizindikiro cha EN 14476, umene ndi muyezo wa ku Ulaya woyesera mphamvu pa mavairasi. Werengani bwino, poti ena anapambana mayesowo pa mavairasi a chikuto cha mafuta okha. Mankhwala ena a peroxide okonzakonza amagwira ntchito m'mphindi imodzi ndipo amatha ndi norovirus yemwe, koma muli sopo ndi asidi wochepa, ndiye pa tebulo lodyera amafunika kutsukuluza.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo chilichonse muchipatse masabata awiri. Aphunzitsi azilemba m'kope masiku amene abanika ndi kangati pamene apopa inhela yawo ya salbutamol, kuphatikizapo Loweruka ndi Lamlungu. Ngati amapeza bwino pa holide n'kuyambiranso sukulu ikatsegulira, kope limenelo apite nalo kwa dokotala, chifukwa mphumu yoyambitsidwa ndi ntchito imakula munthu akapitiriza kupuma chimene chikumudwalitsa, ndipo mwina akufunika inhela yoteteza ya tsiku ndi tsiku. Makolo a mwanayo apite naye kuchipatala atatenga chithunzi cha malemba a pabotolo lakale. Ziwengo za m'mikono zikhozanso kukhala mphere kapena chikanga, zomwe kusintha mankhwala a patebulo sikungachize.

Wina akapuma mpweya wa klorini, mtulutseni panja pomwepo, akhale tsonga, apope inhela ngati ali nayo. Akamalephera kumaliza chiganizo, milomo ikamada, kapena inhela ikapanda kuthandiza, thamangirani naye kuchipatala. Mankhwala akagwera m'maso, tsukani ndi madzi oyenderera kwa mphindi 15. Mwana akamwa jiki, peroxide kapena spiriti musamusanzitse. Mtsukeni m'kamwa, tengani botololo, pitani naye kuchipatala. Mankhwala osungunula asasungidwe m'botolo la zakumwa, chifukwa peroxide ndi spiriti amaoneka ngati madzi akumwa. Botolo lililonse lilembedwe dzina, mphamvu ndi tsiku, ndipo likhale m'kabati yokhoma.